Mmene Mungayezere Kuwonda ndi Mphamvu za Minofu ya Wodwala Khansa Asanachitidwe Opaleshoni

Tsiku limene dokotala wanena kuti chotupa chiyenera kuchotsedwa, maganizo a banja lonse amathamangira ku ndalama za ulendo, ku tsiku lokagonekedwa m'chipatala, ndi kwa wachibale amene adzasiye munda kuti akadwazike matenda. Chimene chimaiwalika kawirikawiri ndi thupi lenilenilo limene likupita kukang'ambidwa, ngati lili ndi mphamvu zokwanira kupoletsa chilonda, kulimbana ndi tizilombo ndi kudzukanso pabedi. Malangizo awa ndalembera makamaka anamwino, ma clinical officer ndi alangizi a zakudya a m'zipatala za kuno ku Chigawo cha Kum'mawa cha Zambia, koma ndayesetsa kuwalemba moti wachibale wodwazika matenda athe kutsatira ndi kudziwa zoyenera kufunsa. Zida zake ndi zochepa: sikelo, tepi yoyezera, mpando, wotchi, cholembera ndi manja anu.

Kuyezaku kuchitike tsiku lomwe ganizo la opaleshoni lapangidwa, osati usiku woti mawa wodwala akulowa m'chipinda cha opaleshoni. Wodwala wochokera ku Lundazi, Chadiza kapena Petauke amadutsa makomo angapo asanafike pa tebulo la dokotala: kiliniki ya kwawo, chipatala cha boma laling'ono, kenaka Chipata Central Hospital kapena St Francis ku Katete, ndipo ena amatumizidwa ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 500 kuchokera ku Chipata pa msewu wa Great East. Pakati pa makomo amenewa pali masabata odikira zotsatira za kachidutswa ka chotupa ndi odikira tsiku. Masabata amenewo ndiwo nthawi yokhayo imene tili nayo yolimbitsa thupi, ndipo zimandipweteka kuona kuti ambiri amawathera chogona pamphasa, akumwa phala lamadzimadzi, thupi likutha.

Chifukwa chake minofu ili nkhani yaikulu

Khansa imawondetsa munthu m'njira ziwiri. Yoyamba ndi yoonekeratu: wodwala amachepetsa kudya chifukwa cha nseru, ululu, nkhawa, zilonda za m'kamwa, kapena chifukwa chotupa chatseka njira ya chakudya, monga zimachitikira ndi khansa ya kummero imene ili yofala m'chigawo chino cha Africa. Yachiwiri ndi yobisika: chotupa chimasokoneza kagwiridwe ntchito ka thupi lonse, thupi n'kuyamba kugaya minofu yake ngakhale munthu akuyesetsa kudya. Madokotala amati cachexia, ndipo ikafika patali chakudya chokha sichikwanira kuibweza.

Opaleshoni imabwera pamwamba pa zonsezi. Kuti chilonda chipole thupi limafuna zomanga thupi zambiri, ndipo likapanda kuzipeza m'chakudya limazitapa m'minofu, chifukwa minofu ndiyo nkhokwe yake. Munthu wolowa ku opaleshoni nkhokweyo ili kale pansi amachedwa kupola, chilonda chake chimachita mafinya msanga, malo amene matumbo alumikizidwa angathe kuchucha, ndipo popeza minofu yopumira nayonso imafooka, amalephera kutsokomola bwino, makhololo n'kukhazikika m'mapapo, chibayo n'kulowa. Amakhalitsa m'chipatala, ndipo mankhwala a khansa kapena kuwotcha chotupa ndi makina, zimene zimayenera kutsatira, zimachedwa.

Choyamba, funsani

Musathamangire ku sikelo. Khalani pansi ndi wodwala pamodzi ndi womudwazika, ndipo funsani mwaulemu ndi momasuka: "Amayi, miyezi 6 yapitayo munkalemera bwanji?" Ambiri sadziwa nambala, koma nambalayo kawirikawiri imakhala italembedwa kwinakwake. Yang'anani m'khadi la ku kiliniki ya ma ARV, m'khadi la sikelo ya amayi oyembekezera ngati anabereka posachedwa, m'buku la a shuga kapena a BP, kapenanso m'kaundula wa odwala wa pa kompyuta wotchedwa SmartCare. Pakasowa cholembedwa, zovala zimachitira umboni. Funsani ngati chitenje chayamba kuzungulira kwambiri kuposa kale, ngati abambo aboola mabowo atsopano pa lamba, ngati mphete yayamba kuvuka yokha, ngati anansi ayamba kunena kuti awonda.

Kenaka funsani za kadyedwe, ndipo apa m'pofunika kuleza mtima. Funso loti "Mukudya bwino?" limayankhidwa ndi "Eee" pafupifupi nthawi zonse, chifukwa munthu wamkulu safuna kuchititsa manyazi ana amene akumuphikira. Funsani za dzulo lenileni, kuyambira m'mawa mpaka pogona: anadya chiyani, mitanda ingati ya nsima, ndiwo zanji, anamaliza kapena anasiya. Yerekezani ndi mmene ankadyera asanadwale: akudya zonse, magawo atatu mwa anayi, theka, kapena kuchepera apo, ndipo zakhala choncho kwa masiku angati. Womudwazika mumufunse payekha ngati n'kotheka, chifukwa ndiye amatsuka mbale ndipo amadziwa zimene zimabwerera.

Pezaninso chimene chikuletsa kudya, chifukwa chilichonse chili ndi chithandizo chake. Kodi chakudya chikutsamwitsa kapena kuima pachifuwa, ndipo ndi nsima yokha, phala, kapena ngakhale madzi? Kodi akukhuta msanga, akusanza, akutsegula m'mimba, akudzimbidwa? Kodi m'kamwa muli zoyera kapena zilonda? Kodi mano alipo otafunira? Ndipo pali funso limene ambiri amachita nalo manyazi koma siliyenera kudumphidwa: kodi pakhomo chakudya chilipo? Wodwala amene mwamuona mu Januwale kapena Febuluwale, chimanga chitatha ndipo chatsopano chisanache, angakhale akuwonda ndi njala kuwonjezera pa khansa. Funsaninso ngati wina anawaletsa zakudya zina. Pali odwala amene anasiya mazira, nyama, mkaka kapena mafuta chifukwa anauzidwa kuti zimakulitsa chotupa, kapena chifukwa mankhwala achikuda amene akumwa ali ndi zoletsa zake. Musawadzudzule, koma lembani zonse, chifukwa dokotala wogonetsa ayenera kudziwa mankhwala alionse amene munthu akumwa.

Sikelo, msinkhu ndi mawerengero ake

Ikani sikelo pamalo olimba ndi osalala, onetsetsani kuti yayambira pa 0, ndipo wodwala avule nsapato, jekete ndi zitenje zowonjezera. Yezani msinkhu ataima chilili, zidendene zitagunda khoma. Amene sangathe kuima, atambasule manja onse awiri, muyeze kuchokera kunsonga ya chala chapakati cha dzanja limodzi kufika kunsonga ya chinzake, chifukwa utali umenewu umayandikana ndi msinkhu wa munthu.

BMI, nambala yosonyeza ngati kulemera kukugwirizana ndi msinkhu, imapezeka pogawa kulemera kwa munthu m'makilogalamu ndi msinkhu wake m'mamita utachulukitsidwa ndi iwo wokha. Tiyerekeze mayi wa zaka 52 amene akulemera makilogalamu 46 ndipo msinkhu wake ndi mamita 1.60. Mukachulukitsa 1.60 ndi 1.60 mupeza 2.56, ndipo 46 kugawa ndi 2.56 ndi pafupifupi 18.0. Ngati khadi lake likusonyeza kuti miyezi 6 yapitayo ankalemera makilogalamu 54, ndiye kuti wataya makilogalamu 8, ndipo 8 kugawa ndi 54 n'kuchulukitsa ndi 100 ndi pafupifupi 15 peresenti. Nambala yachiwiriyi ndi yofunika kuposa yoyamba, chifukwa imasonyeza liwiro limene thupi likutsikira.

Kuti manambalawa akhale ndi tanthauzo limodzi kwa aliyense wowerenga fayilo, gwiritsani ntchito njira ya MUST, yopereka mapointi osonyeza chiopsezo cha kunyentchera, imene bungwe la BAPEN la ku Britain linatulutsa mu 2003. BMI yoposa 20 ndi mapointi 0, ya pakati pa 18.5 ndi 20 ndi pointi 1, yochepera 18.5 ndi mapointi 2. Kutaya thupi mosafuna m'miyezi 3 mpaka 6 yapitayo kukakhala kochepera 5 peresenti ndi 0, pakati pa 5 ndi 10 peresenti ndi 1, kuposa 10 peresenti ndi 2. Ngati munthu wadwalika ndipo sanadye, kapena zikuoneka kuti sadya, kwa masiku oposa 5, onjezani 2. Zonse pamodzi zikakhala 0 chiopsezo ndi chochepa, 1 ndi chapakati, 2 kapena kuposa ndi chachikulu. Mayi wa m'chitsanzo chathu ali ndi 4. Kumene chipatala chimagwiritsa ntchito fomu ya NRS-2002 kapena ina, pitirizani nayo. Chofunika n'chakuti wodwala aliyense ayezedwe ndi njira imodzimodzi ndipo zotsatira zilembedwe.

Koma sikelo imanama, ndipo kwa odwala khansa imanama kawirikawiri. Khansa ya chiwindi ndi ya thumba la mazira zimadzaza mimba ndi madzi okwana malita angapo, ndipo lita iliyonse ndi kilogalamu pa sikelo. Miyendo yotupa imachitanso chimodzimodzi, ndipo chotupa chachikulu nacho chili ndi kulemera kwake. Choncho dinikizani ndi chala pa msongolo ndi pamwamba pa phazi kwa masekondi angapo. Pakatsala kadzenje, lembani pambali pa kulemerako kuti pali madzi, ndipo musadalire BMI. Bodza lina la sikelo ndi la munthu wonenepa. Kwathu kuno thupi lalikulu timalitenga ngati chizindikiro cha moyo wabwino, motero mayi wojintcha amene ali ndi khansa ya m'mawere palibe amamuganizira za kunyentchera, chikhalirecho pansi pa mafutawo minofu ingakhale itatha. Amene anali ndi makilogalamu 90 n'kutsika kufika pa 78 wataya 13 peresenti ndipo ali pa chiopsezo chachikulu, ngakhale BMI yake ikadali pamwamba. N'chifukwa chake kuyeza sikuthera pa sikelo.

Tepi pa mkono ndi pa katumba

Tepi yoyezera kukula kwa mkono, ya MUAC, imene timaidziwa ku sikelo ya ana ili ndi inzake ya akuluakulu, ndipo tepi ya telala yosatamuka imagwiranso ntchito. Wodwala apinde chigongono cha mkono wakumanzere, mupeze fupa la pansonga ya phewa ndi nsonga ya chigongono, muike chizindikiro pakati penipeni. Kenaka atsitse mkono ulendewere momasuka, muzungulize tepi pachizindikirocho mosafinya ndiponso mosalekerera. Malinga ndi MUST, mkono wochepera masentimita 23.5 umasonyeza kuti BMI iyenera kuti ili pansi pa 20. Ubwino wa mkono ndi wakuti madzi sakonda kusonkhana kumeneko, motero umanena zoona pamene mimba ndi miyendo zatupa. Kwa mayi wa khansa ya m'mawere amene mkono wake watupa, yezani mkono wa mbali inayo.

Katumba wa mwendo amayezedwa munthu atakhala pampando, phazi litaponda pansi, bondo litapindika ngati ngodya ya nyumba, tepi ikuzungulira pamene pali potupa kwambiri pa mnofuwo. Kwa okalamba, muyeso wochepera masentimita 31 ndi chenjezo lodziwika loti minofu yachepa. Mwendo ukakhala wotupa, kapena uli ndi zotupa za khansa ya pakhungu ya Kaposi, muyesowu ulibe ntchito.

Maso ndi manja anu

Gawo ili ndi limene ndimaliona kukhala lofunika koposa, ndipo silifuna chida chilichonse. Pemphani chilolezo, tsekani chinsalu, ndipo yambani kumutu kutsika m'munsi. Yang'anani pa litsipa, m'mbali mwa mphumi: mwa munthu wathanzi pamakhala podzaza, koma minofu ikatha pamalowa m'kati. Onani m'munsi mwa maso ndi m'masaya ngati mwagwa. Tsikirani ku mafupa opingasa a pansi pa khosi ndi ku mapewa. Phewa lathanzi ndi lobulungira, pamene la munthu wotha minofu limachita ngodya, mafupa ali pamtunda. Wodwala akankhe khoma ndi manja pamene inu mukuyang'ana kumsana, muone ngati mafupa a mapewa atuluka ndipo m'mbali mwake mwachita maenje.

Kenaka gwirani dzanja lake, mumuuze kuti akanikize chala chachikulu ndi cha mkombaphala pamodzi. Pakati pa zala ziwirizi, kuseri kwa dzanja, payenera kutukuka kamnofu. Pakakhala dzenje, minofu yaphwa. Tsinani pang'ono khungu la kumbuyo kwa mkono kuti mumve ngati mafuta alipo pakati pa zala zanu kapena zala zikungokumana. Malizani ndi ntchafu, makamaka m'kati mwake ndi pamwamba pa bondo, ndi katumba. Musangoyang'ana, gwirani, chifukwa mnofu wamoyo umakhala wolimba pamene wotha umakhala wofewa ndi wolendewera, ndipo mwa munthu wonenepa dzanja lokha ndi limene lingasiyanitse mafuta ndi mnofu. Lembani ngati kutha kwa minofu kuli kochepa, kwapakati kapena kwakukulu, ndi malo amene mwakuona.

Ngati wodwala anajambulidwa kale CT ya pamimba pofufuza khansayo, pemphani wowerenga zithunzi ayang'anenso kukula kwa minofu pa fupa lachitatu la msana wa m'chiuno, lotchedwa L3, chifukwa minofu ya pamenepo imasonyeza bwino minofu ya thupi lonse. Palibe chifukwa chojambulitsa chithunzi china pa nkhani imeneyi yokha.

Kuyesa mphamvu

Kukula kwa mnofu ndi mphamvu zake ndi zinthu ziwiri, ndipo kawirikawiri mphamvu ndi zimene zimayamba kutha. Yambani ndi mafunso asanu ofufuzira kufooka kwa minofu, otchedwa SARC-F: ngati akuvutika kunyamula katundu wa makilogalamu pafupifupi 4.5, monga chigubu cha malita 5 chosadzaza kwenikweni. Ngati akuvutika kuyenda kuchoka mbali ina ya chipinda kufika ina. Ngati akuvutika kudzuka pampando kapena pabedi. Ngati akuvutika kukwera masitepe 10. Ndi kangati wagwa m'chaka chapitachi. Funso lililonse lili ndi mapointi 0, 1 kapena 2 malinga ndi kukula kwa vuto, ndipo pa kugwa, kamodzi mpaka katatu ndi 1, kanayi kapena kuposa ndi 2. Mapointi 4 kapena kuposa ndi chenjezo. Kwa munthu wa kumudzi kumene kulibe masitepe, funsani za kukwera chulu, mtunda wochokera kudambo, kapena kukwera minibasi, ndipo funsaninso kuti khasu analisiya liti ndipo madzi anasiya liti kutunga.

Muyeso wa mpando ndi wosavuta. Tsamiritsani kukhoma mpando wolimba wopanda potsamira manja, wodwala akhale, apingase manja pachifuwa, kenaka aimirire ndi kukhalanso kasanu mofulumira mmene angathere, inu mutaima pafupi ndi wotchi. Akatenga masekondi oposa 15, kapena akalephera kudzuka popanda kugwira, minofu ya miyendo yafooka. Yezaninso mamita 4 pakhonde la wodi, ayende mmene amayendera masiku onse. Masekondi 5 kapena kuposa ndiye kuti liwiro lake lili pa mamita 0.8 pa sekondi kapena kuchepera, chimene ndi chizindikiro cha kufooka kwakukulu. Musayese zimenezi kwa munthu wa chizungulire, wa ululu waukulu, kapena amene khansa yafalikira m'mafupa.

Kumene kuli kachipangizo kofinya ndi dzanja kotchedwa dynamometer, kamene kawirikawiri kamapezeka kwa a physiotherapy, wodwala akhale pansi, chigongono chitapindika, afinye ndi mphamvu zake zonse katatu, mulembe nambala yaikulu. Gulu la akatswiri a ku Ulaya la EWGSOP2 linaika malire pa makilogalamu 27 kwa amuna ndi 16 kwa akazi. Malire amenewa anachokera kwa anthu a ku Ulaya, ndipo mlimi amene wagwira khasu moyo wake wonse angathe kuwapyola ngakhale atataya mphamvu zambiri, choncho kuyerekeza nambala yake ya lero ndi ya sabata yamawa kumaphunzitsa zambiri kuposa malirewo.

Magazi

Yezani kuchuluka kwa magazi. Bungwe la WHO limati achepa akakhala pansi pa magalamu 13 pa desilita kwa amuna ndi 12 kwa akazi osayembekezera, ndipo amayi a khansa ya khomo la chiberekero amene akhala akutaya magazi amafika ali otsika kwambiri. Yezani shuga ndi kagwiridwe ntchito ka impso, makamaka kwa amayi omwewa, chifukwa chotupa chingathe kutseka njira za mkodzo. Albumin, mtundu wa zomanga thupi wopezeka m'magazi, ikakhala yochepera magalamu 30 pa lita, chiwindi ndi impso zili bwino, imasonyeza chiopsezo chachikulu pa opaleshoni, koma dziwani kuti imatsika chifukwa cha matendawo ndipo siyeza mwachindunji zimene munthu akudya. Tsimikizani za HIV, ndipo kwa amene ali pa ma ARV onani ngati akumwa mokhulupirika ndi zotsatira za viral load, kuchuluka kwa kachilombo m'magazi. Wodwala wowonda amene akutsokomola kapena kutuluka thukuta usiku ayezedwe TB, chifukwa matenda awiriwa amatha kukhala mwa munthu mmodzi.

Kugamula ndi kudziwitsa dokotala wa opaleshoni

Njira ya GLIM, imene mabungwe akuluakulu a zakudya za odwala anagwirizana, imati munthu ali ndi vuto la kuperewera kwa zakudya akapezeka ndi chizindikiro chimodzi cha pathupi pamodzi ndi choyambitsa chimodzi. Za pathupi ndi kutaya kuposa 5 peresenti m'miyezi 6 kapena kuposa 10 peresenti m'nthawi yotalikirapo, BMI yochepera 20 kwa wosafika zaka 70 kapena yochepera 22 kwa wa zaka 70 kupita m'tsogolo, ndi kuchepa kwa minofu. Zoyambitsa ndi kudya theka kapena kuchepera kwa nthawi yoposa sabata, kuchepetsa kudya kulikonse koposa masabata 2, matenda a m'mimba olepheretsa chakudya kulowa m'thupi, kapena matenda otupitsa ndi kugaya thupi, amene khansa yambiri ili m'gulu lake.

Bungwe la ku Ulaya loona za zakudya za odwala la ESPEN limati chiopsezo ndi chachikulu kwambiri munthu akataya kuposa 10 mpaka 15 peresenti m'miyezi 6, BMI ikakhala pansi pa 18.5, kapena albumin ikakhala pansi pa 30, ndipo mu 2017 linalangiza kuti wodwala wotere adyetsedwe mwapadera kwa masiku 7 mpaka 14 isanachitike opaleshoni yaikulu, ngakhale zitatanthauza kusuntha tsiku. Chigamulo chimenecho ndi cha dokotala wa opaleshoni pamodzi ndi wogonetsa, ndipo matumbo otsekeka, obooka kapena kutaya magazi kwambiri sizidikira chakudya. Udindo wanu ndi kuonetsetsa kuti manambala afika pamaso pawo nthawi ikadalipo. Muwauze pakamwa, osangosiya pepala m'fayilo.

Zochita m'masabata odikira

Wodwala khansa amafuna ma kilocalorie (muyeso wa mphamvu za m'chakudya) 25 mpaka 30 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, ndi zomanga thupi zoposa galamu 1 pa kilogalamu, kufika pa 1.5 ngati n'kotheka. Mayi wathu wa makilogalamu 46 akufuna magalamu oposa 46, kufika pa 69, a zomanga thupi patsiku. Zimenezi zimatheka ndi zakudya za pa msika wa Kapata kapena za m'munda mwake: mazira 2 amapereka magalamu pafupifupi 12, kapu ya mkaka ya mamililita 250 pafupifupi 8, nsinjiro zolemera magalamu 50 pafupifupi 12, kapu ya nyemba zophika pafupifupi 15, ndipo kapenta wouma wolemera magalamu 30 amapereka 15 kapena kuposa. Soya, nkhuku, nsomba, nyama ndi mbewa zonse zimawerengedwa.

Chovuta chachikulu ndi chizolowezi chathu choti nsima ichuluke, ndiwo zikhale zongotsira. Kwa wodwala amene amakhuta msanga zinthu zitembenuzidwe: ayambe ndi ndiwo, nsima ibwere pambuyo, ndipo adye pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, osamwa madzi ambiri nthawi ya chakudya. Phala lisakhale la ufa woyera ndi madzi okha. Likhale la mgaiwa kapena losakaniza ndi soya, lothira nsinjiro, mkaka, supuni ya mafuta ophikira kapena dzira lomenyera m'menemo n'kupsa bwino. Kapenta asinjidwe akhale ufa wothira m'phala kapena m'chibwabwa chotendera. Mapeyala ndi nthochi zakupsa zimamezeka mosavuta. Chigawo chathu chimadziwika ndi ulimi wa mtedza, ndipo umenewu ndi mwayi, koma sankhani bwino, mutaye wonse wachuku, wofwifwa ndi wowawa, chifukwa chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amaononga chiwindi. Kumene chipatala chili ndi HEPS, ufa wa phala wa chimanga ndi soya wopatsa mphamvu, kapena zakumwa zapadera za odwala, mlangizi wa zakudya ndiye anene mlingo wake. Wa shuga ndi wa impso zofooka asatsatire mndandandawu popanda kuunikiridwa payekha.

Chotsani zolepheretsa kudya: ululu uthandizidwe mokwanira, nseru ipatsidwe mankhwala, zoyera za m'kamwa zichizidwe, ndipo amene akumwa morphine apatsidwe chofewetsa m'mimba. Amene chakudya sichikudutsa kummero, kapena akulephera kufika ngakhale theka la zofunika kwa sabata yathunthu, asauzidwe kuti angolimbikira. Atumizidwe msanga kuti madokotala aone za chubu chodyetsera kapena njira ina yotsegulira kummero.

Pali ngozi imodzi imene wodwazika aliyense wachikondi ayenera kuidziwa. Munthu amene wakhala masiku oposa 10 osadya kwenikweni, amene BMI yake ili pansi pa 16, kapena wataya kuposa 15 peresenti m'miyezi 3 mpaka 6, akapatsidwa chakudya chambiri mwadzidzidzi, mchere wa m'magazi monga phosphate, potassium ndi magnesium umatsika mofulumira, mtima n'kusokonezeka, ndipo munthu angathe kufa. Wotere ayambe kudyetsedwa m'chipatala, pang'onopang'ono, atapatsidwa thiamine (vitamini B1), magazi akuyezedwa.

Chakudya chopanda kuyenda sichimanga mnofu mokwanira. Ngati dokotala walola, wodwala aziyenda tsiku lililonse mmene angathere ndi kuonjezera pang'ono mtunda, azibwereza kudzuka pampando kangapo m'mawa ndi madzulo, azinyamula botolo la madzi ndi mkono uliwonse, ndipo aziphunzira kupuma mozama ndi kutsokomola atagwira pamimba, monga adzafunikira kuchita pambuyo pa opaleshoni. Achibale amamuletsa wodwala ntchito iliyonse chifukwa cha chifundo, choncho muwafotokozere kuti kusesa pang'ono pakhomo kapena kuyenda kufika kutchalitchi ndi mbali ya chithandizo. Fodya ndi mowa zisiyidwe kuyambira tsiku lomwelo.

Yezaninso kulemera, mkono ndi muyeso wa mpando sabata iliyonse, pa sikelo yomweyo ndi nthawi yofanana. M'masabata awiri simudzaona thupi litabwerera. Chimene mukufuna ndi chakuti kutsika kuime ndipo mphamvu ziyambe kukwera. Kulemera kukakwera mofulumira m'masiku ochepa, dinikizaninso msongolo, chifukwa angakhale madzi.

Pa tsiku la opaleshoni, malangizo amakono amalola ambiri kudya mpaka maola 6 ndi kumwa zamadzi zoyera mbee mpaka maola 2 asanagonetsedwe, kupatula amene matumbo kapena kummero kwatsekeka ndi ena amene wogonetsa wawauza mosiyana. Opaleshoni ikasunthidwa, namwino afunse nthawi yomweyo ngati wodwala angadye, kuti asagone ndi njala tsiku lachiwiri popanda chifukwa.

Potumiza wodwala ku chipatala china, kalata ikhale ndi kulemera kwa lero ndi kwa kale pamodzi ndi masiku ake, msinkhu, BMI, muyeso wa mkono, mapointi a MUST ndi SARC-F, masekondi a mpando, ngati pali madzi m'thupi, zimene akutha kumeza, ndi chithandizo cha zakudya chimene chayambidwa. Wodwazika apatsidwe pepala lake la manambala omwewo, ndipo auzidwe kuti asadikire tsiku lolembedwa koma abwere nawo msanga ngati ayamba kulephera kumeza madzi, akusanza chilichonse, mimba yatupa ndipo sakuchita chimbudzi kapena kutulutsa mpweya, mkodzo wachepa kwambiri, akutentha thupi, kapena alephera kudzuka okha pamene sabata yatha ankadzuka.